Sakura Saphuka kwa Mbenje

Ndikulemba kutsutsa mndandanda umene komiti ya gulu lathu yakhoma pabolodi, wa nthano ndi ndakatulo zimene akuti ndizo ziloŵe m'buku lija tinapangana kuti likhale la zolemba zotengera luso la Ajapani. Bukulo sindikulikana ai. Tsiku lovomerezana ndinakweza nawo mkono. Chimene ndikukana ndi lichero limene akuluakuluŵa apetera, chifukwa lataya mphale n'kusunga madeya. Ndipo ndineneretu, asanandinenere ena kuseri, kuti yanganso ndakatulo yagwa. Nthabwala imene ikubwera ndikuidziŵa: wa ku Nsanje angalekerenji kuchita nsanje? Sekani, ndakhala ndikuimva kuyambira Fomu 1. Mukatha kuseka muŵerenge, pakuti yangayo sindiitchulanso m'nkhani ino.

Taŵerengani motsatana zimene zasankhidwazo. Sakura, sakura, sakura. Chipale chofeŵa chikugwa pa denga la kachisi. Mkazi wovala kimono akuthira tiyi. Samurai akunola lupanga, phiri la Fuji likumuyang'ana. Olembaŵa ndi anzathu omwe timadya nawo nyemba za kukafeteriya, ana a ku Dowa, ku Mzimba, ku Thyolo, amene chipale chokha chimene anachigwirapo ndi chija cha m'firiji. Ndakatulo zoterezi nditha kupeka khumi tiyi asanazizire m'kapu. Nayi imodzi, ndaipeka pompano:

Sakura wagwa
samurai walira
Fuji ali phee

Ŵerengani maphatikizo: 5, 7, 5. Yakwana ndendende. Ndikanaipereka ikanaloŵa, chonsecho mulibe kanthu m'menemo. Tsono nayi imodzi mwa zimene zagwa, yolembedwa ndi mtsikana wa chaka choyamba, mnzathu wa ku Chigwa, amene wandilola kuti ndiiike pano:

Madzi aphwera
pa nthambi ya msau
mphasa ya agogo

M'mphepete mwa pepala lake muli zifukwa ziŵiri za inki yofiira. Choyamba, akuti mzere wotsiriza wapitirira ndi phatikizo limodzi. Chachiŵiri, akuti mulibe Chijapani.

Tiyambe ndi chachiŵiricho, popeza ndicho chachikulu. Kodi Chijapani cha m'ndakatulo nchiyani? Funsoli tisalipereke kwa kanema wa karate kapena chithunzi cha pakalendala. Tilipereke kwa Ajapani amene anagwirapo ntchito yomweyi ya komiti yathu, ntchito yosankha, pakuti iwo anaiyamba kalekale. M'chaka cha 905 mfumu Daigo inalamula akatswiri anayi, wotchuka mwa iwo ndi Ki no Tsurayuki, kuti asonkhanitse ndakatulo zabwino za dzikolo. Buku lawo, Kokinshu, liri ndi ndakatulo zoposa 1,000, ndipo magawo asanu ndi limodzi oyambirira anawasanja motsata nyengo za chaka, kuyambira pamene chisanu chikutha mpaka pamene chabweranso. Munthu akamaŵerenga amayenda ndi chaka cha kwawo: duŵa ili laphuka, mbalame iyi yayamba kulira, tsamba ili lafiira. Mwambo umenewu ndiwo unadzaloŵa m'haiku. Haiku imayenera kukhala ndi liu lonena nyengo, limene iwo amalitcha kigo, ndipo alakatuli amasunga mabuku otchedwa saijiki, mmene analembamo mau otero zikwizikwi, liri lonse pa nyengo yake.

Sakura ndi limodzi mwa mau amenewo. Si chokongoletsera ngati duŵa la pulasitiki pa tebulo la ukwati. Mitengo imeneyi imachita maluŵa kumapeto kwa Marichi ndi kumayambiriro kwa Epulo m'madera ambiri a dzikolo, ndipo pakangotha sabata imodzi kapena ziŵiri maluŵawo ayoyoka onse. Ndi nthaŵi yomweyo imene ana amatsazikana pomaliza sukulu, ena n'kumayamba sukulu kapena ntchito yatsopano, chifukwa chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu Epulo. Choncho Mjapani akamva liu limeneli amakumbukira amene anakhala naye pansi pa mtengo chaka chatha, amene chaka chino palibe. Wolemba sachita kufotokoza. Liu limodzi lasenza katundu yense. Haiku imatha kufupika chotero chifukwa wolemba ndi woŵerenga amadziŵa zofanana. Koma liu lomwelo likafika kuno limafika ngati thumba lokhuthulidwa kale. Ife sitinatsazikanepo ndi munthu pansi pa sakura. Tikalilemba, woŵerenga amangomva kuti wolembayu anaŵerengapo za Japan, basi.

Nanga ife mau osenza katundu tiribe? Ine ndine wa kwa Mbenje, m'boma la Nsanje, kumene msewu wochokera ku Ngabu umadutsa pa Sorgin kutsikira ku Bangula, ndipo saijiki ya kwathu nditha kuiyamba osatsegula buku. Kuli kutentha kwa Okutobala, pamene mudzi wonse umagona pabwalo ndipo mchenga wa mumtsinje wa Lalanje umaotcha mapazi dzuŵa lisanakwere n'komwe. Kuli chizimalupsa, ndi fungo lake lija la fumbi lonyoŵa. Kuli ngumbi. Kuli ana oingitsa mbalame m'minda ya mapira ndi mcheŵere. Kuli thonje lotoledwa m'nyengo yachisanu, ndi masau oyanikidwa pamphasa, ndi malambe. Ngati mukufunadi chipale chogwa kumwamba, kwathu chiriko, koma nchakuda: ndi phulusa la nzimbe zotenthedwa lija limagwa pa zovala zoyanikidwa m'miyezi yodula nzimbe. Liri lonse mwa mau aŵa likunena mwezi, ntchito, ndi mmene m'mimba muliri.

Tengani liu loti nyika. Mukauza munthu wa ku Lilongwe kuti nyika ndi mizu ya maluŵa a pamadzi, iye aganiza za dziŵe lokongola la pa hotela. Kwathu munthu akangoti "ayamba nyika" wanena zonse. Wanena kuti ndi Januwale kapena Febuluwale, kuti nkhokwe zauma, kuti amayi akuloŵa m'dambo la Dabanyi, lija Livingstone analitcha Elephant Marsh mu 1859, madzi a m'chifuŵa, kukazula mizu m'matope uku ng'ona ziri momwemo. Ndifunse komiti: pakati pa nyika ndi sakura, ndi liu liti limene likugwira ntchito ya kigo m'kamwa mwa Mmalaŵi?

Tsono bwererani ku ndakatulo ya mtsikana uja. Mau oti "madzi aphwera" ku Chigwa ndi nyengo, monga mmene masika aliri nyengo. Ndi pamene anthu amachoka m'misasa ndi m'makalasi a sukulu za kumtunda kupita kukaona chimene chatsala pamalo pawo. Tinatero mu 2015, pamene Ruo inasintha njira n'kudula anthu a ku Makhanga. Tinatero mu 2019 pa Idai, mu 2022 pa Ana ndi Gombe, mu 2023 pa Freddy, amene m'dziko muno anapha ndi kusoŵetsa anthu oposa 1,000. Komanso ndi pamene madzi aphwera pamene anthu amatsikira kudimba kukabzala chimanga, mbatata ndi nyemba m'dothi latsopano limene madzi omwewo asiya. Elias Mandala, m'buku lake la mbiri ya Chigwa la 1990, anaonetsa kuti moyo wa anthu a kumeneku wakhala ukuyenda pakati pa munda wa kumtunda ndi dimba kuyambira kalekale. Choncho m'mau aŵiri okha muli maliro ndi mbewu. Kenaka mtsikanayu akutikwezetsa maso. Mphasa iri m'mwamba, pa nthambi. Sakutiuza kuti madzi anafika pati, mphasayo yatiuza. Sakutiuza ngati agogowo ali moyo. Wangotisiya pansi pa msau, khosi liri m'mwamba. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Masaoka Shiki, amene anafalitsa dzina loti haiku asanamwalire mu 1902, ankaphunzitsa chimodzimodzi: jambula chimene maso ako aona, usabwereze chimene ena anabwereza kale mpaka chinasukuluka. Ngati m'mulu wonse wa zimene zinaperekedwa munali ndakatulo imodzi yomvera Shiki, ndi imeneyi, ndipo ndiyo yagwa.

Ndamva m'modzi wa m'komiti akunena kuti za madzi osefukira ndi njala ndi nkhani za malipoti a mabungwe, pamene luso la Ajapani ndi la bata, la kukongola. Ameneyo aŵerenge Hojoki, kabuku kamene Kamo no Chomei analemba mu 1212, kamene mwana wa sukulu ku Japan amakadziŵa. Muli moto umene unatentha gawo lalikulu la mzinda wa Kyoto mu 1177, kamvulumvulu wa 1180, njala ya 1181 ndi 1182 imene mitembo inali ngundangunda m'misewu, ndi chivomezi cha 1185. Aŵerengenso Kobayashi Issa, mwana wa mlimi, amene analemba haiku zoposa 20,000, zambiri zonena za utitiri, ntchentche, nkhono ndi udzudzu, ndipo anaika m'manda ana ake mmodzimmodzi. Issa akanafika ku Bangula mwezi wa Febuluwale sakanasoŵa cholemba. Udzudzu wokha ukanamukwanira buku. Ngakhale posachedwapa, nyanja itasefukira pa 11 Marichi 2011, mlakatuli Ryoichi Wago wa ku Fukushima anayamba kulemba mizere yake pa Twitter nthaka ikugwedezekabe. Japan ndi dziko la zivomezi ndi anamondwe. Bata limene mukulionalo ndi la anthu odziŵa kuti nyumba ingathe kupita usiku umodzi, ndipo pa chimenechi munthu wa kwa Mbenje ndi wa ku Fukushima angamvane popanda womasulira.

Sindikunena kuti buku lonse likhale la ku Chigwa. Wa ku Thyolo ali ndi chiperoni chake, wa ku Nkhata Bay ali ndi mwera ndi nkhungu zofuka panyanja ngati utsi, wa ku Kasungu ali ndi matondo ndi fungo la fodya m'chigafa. Liu loti dzinja ku Dedza ndi ku Nsanje silinena chinthu chimodzi. Ndiye kukoma kwa buku lotere kukanakhala kumeneko, kuti tiŵerenge chaka cha Malaŵi kuchokera ku Chitipa kufika ku Marka. Anzathu ena mu Africa anaiona kale njira imeneyi. Ku Nairobi, cha m'ma 2006, ana a sukulu za ku Kayole anayamba magulu a haiku n'kumasonkhanitsa mau a nyengo za kwawo m'chimene anachitcha Kenya Saijiki, motsata mvula yaitali, mvula yaifupi, ndi nyengo ziŵiri zouma. Mu 2015 malemu Adjei Agyei-Baah wa ku Ghana ndi Emmanuel Jessie Kalusian wa ku Nigeria anayambitsa Africa Haiku Network, ndipo chaka chotsatira anatulutsa magazini imene sanaitche sakura. Anaitcha The Mamba. Agyei-Baah buku lake la 2016 analitcha Afriku, nalilemba m'Chingerezi ndi m'Chitwi cha kwawo. Ifeyo tikufuna kuyamba pamene anzathu anachokapo kale.

Tsopano za phatikizo limodzi lija. Kuŵerenga 5, 7, 5 ndi chinthu chokhacho chimene aliyense amadziŵa za haiku, ndiye komiti yachigwira ngati chikwapu. Koma chimene Ajapani amaŵerenga si ndendende chimene ife timachitcha phatikizo: dzina loti Tokyo iwo amaliŵerenga 4, chifukwa mavawelo ake onse aŵiri ndi otalika. Pamenepa mvekero wathu uja woti phee, kapena zii, tiuŵerenge 1 kapena 2? Komiti sinatiuze. Ndivomera kuti Chicheŵa chimafanana ndi Chijapani kuposa Chingerezi, popeza m'ziyankhulo ziŵirizi maphatikizo amathera pa vawelo, ndipo nchifukwa chake 5, 7, 5 m'Chicheŵa imamveka bwino m'khutu. Koma mneni wathu amayenda ndi banja lonse kumsana. Liu limodzi loti ndinakakuonani ndi maphatikizo 7, mzere wapakati wathunthu watha. Wolemba akamakakamizika kukwanitsa chiŵerengero amayamba kudula miyendo ya mau, n'kumalemba Chicheŵa chimene palibe mayi amene anachiyankhulapo. Mtsikana uja akanatha kulemba "mphasa ya gogo" n'kukwanitsa 5. Sanatero, chifukwa iye agogo ake sawatchula opanda ulemu, ndipo "a" mmodzi yekhayo ndiye akutiuza kuti mphasayi ndi ya agogo ake enieni, osati ya nkhalamba ina iri yonse ya m'mudzi. Komiti yachotsa malikisi pa phatikizo limene lanyamula chikondi cha m'ndakatulo yonse. Basho mwiniwake, amene mumamutchula mukamatiopseza, nthaŵi zina ankapitirira chiŵerengero, ndipo Taneda Santoka, amene anamwalira mu 1940, anachisiya dala. Mpaka lero Ajapani akumuŵerengabe.

Chimene chikanayenera kuyang'anidwa ndi kudula. Haiku imaika zinthu ziŵiri pafupi n'kusiya mpata pakati, kuti woŵerenga alumphe yekha. Ajapani ali ndi timau tapadera todulira. Ife tiri ndi mvekero, umene Chijapani nachonso chiri nawo wochuluka, ndiponso tinakula ndi ndagi, mmene munthu amatchula chinthu china kuti mnzake aone china. Aliyense amene anayankhapo ndagi pamoto ali ndi khutu la haiku kale.

Pali china chimene chandiŵaŵa kuposa zonsezi. Mnyamata wina wa ku Tengani anapereka iyi:

Mwadiya wa baba
wakocheza wokha
nkhafi iri momwemo

Anamubwezera pepala atakhwatcha mwadiya n'kulemba bwato, atakhwatcha baba n'kulemba bambo, n'kumuuza kuti akonze Chicheŵa chake kaye. Mnyamatayo sanabwezenso pepalalo, ndipo Lachinayi lapitali sanabwere. Abale, bwato ndi wa pa nyanja ya Malaŵi ndi wa m'buku la Sitandade 3. Umene unabwera wokha pa doko la Shire tsiku limenelo unali mwadiya. Ife a ku Chigwa takhala tikukonzedwa pakamwa kuyambira 1968, pamene Chicheŵa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndi 1972, pamene Chichewa Board inakhazikitsidwa kuti iziti ili ndilo liu, ilo ai. Bungwe limenelo linatha kale, koma inki yake yofiira ikadali m'matumba a anthu ena. Timaphunzira kubisa "pinthu" ndi "nkhabe" tikangokwera Thabwa. Ndikulemba nkhani ino m'Chicheŵa chifukwa ndimachikonda ndipo ndi changanso, koma sindivomera kuti liu lakuti nyatwa liloŵedwe m'malo ndi lakuti mavuto ngati kuti ndi kusintha mabatani a malaya.

Apanso Ajapani omwewo akutsutsa komiti. Buku lawo lakale koposa la ndakatulo, Man'yoshu, limene ndakatulo yake yomaliza yodziŵika chaka ndi ya 759, liri ndi ndakatulo pafupifupi 4,500 m'magawo 20. Muli za mafumu, inde. Koma gawo la 14 ndi la nyimbo za anthu a kum'maŵa, akumidzi amene a kulikulu ankawaona ngati osayankhula bwino, ndipo zambiri zinalembedwa ndi kayankhulidwe kawo komweko. M'gawo la 20 muli ndakatulo za asilikali wamba otumizidwa kukalonda malire, olirira akazi awo ndi amayi awo, zimene Otomo no Yakamochi anasonkhanitsa mu 755. Zina anazitaya, ndipo analemba poyera kuti wazisiya chifukwa nzosapsa. Kupeta ankapeta ndithu, ndipo ifenso tipete. Koma zimene anasunga anazisunga ndi lilime la eni ake.

Za nthano ndinene mwachidule, pakuti matenda ake ndi omwewo. Zitatu mwa zosankhidwazo ndi za samurai wobwezera imfa ya mbuye wake, ndipo zonse zikununkha kanema. Samurai analetsedwa kuyenda ndi lupanga mu 1876. Ajapani a lero amakwera sitima kupita kuntchito. Koma onani chimene Ryunosuke Akutagawa anachita. Anaŵerenga kwambiri mabuku a Azungu, n'kuphunzirako kamangidwe ka nthano yaifupi, koma sanalembe za mabwana a ku London. Anatembenukira ku Konjaku Monogatari, nthano zakale za kwawo, n'kutengako imodzi n'kuipanga nthano ija ya 1922 ya munthu wophedwa m'nkhalango, mmene mboni iri yonse ikusimba mosiyana ndipo woŵerenga samalizidwira mlandu. Kurosawa anaipanga kanema wa Rashomon mu 1950. Nanga ife tiribe imfa yosimbidwa mosiyanasiyana? Ku Khulubvi, m'boma lathu lomwelo la Nsanje, kuli kachisi wa Mbona. Matthew Schoffeleers, m'buku lake la 1992 la River of Blood, anaika pamodzi masimbidwe angapo a imfa ya Mbona: ena amaloza Mlauli, ena Lundu, ndipo aliyense wosimba ali ndi chake chimene akuteteza. Steve Chimombo anatengapo seŵero lake la The Rainmaker. Nthano imodzi imene inaperekedwa inayesa njira imeneyi: anthu anayi a mumsasa wa othaŵa madzi akusimba mosiyana mmene thumba la ufa linasoŵera usiku. Iri ndi zofooka zake, mathero ake athamanga. Koma ndi yokhayo imene wolemba wake anaphunzira kanthu kwa Mjapani, ndipo pabolodi palibe.

Otsutsa ali ndi mfundo ziŵiri zoyenera kuyankhidwa. Yoyamba ndi yoti wolemba ndi mfulu, angathe kulemba za kumene sanafikeko, ndipo kutsanzira ndiko kuphunzira. Zoona, mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Amene akufuna kulemba za Kyoto alembe, koma agwire ntchito yake, adziŵe msewu umodzi wa kumeneko monga mmene ine ndikudziŵira msika wa Bangula. Zimene ziri pabolodizi sizinatero. Zangotola mau asanu odziŵika n'kuwasakaniza. Ndipo kutsanzira kwa m'kope la masamu sitikusindikiza. Amene anayamba gulu la olemba ku Chancellor College mu 1970 ankaŵerenga alakatuli a maiko onse, koma atatulutsa Mau mu 1971, ndakatulo 39, ndi mabuku amene anatsatira, anthu anawakumbukira chifukwa cha Napolo wa Chimombo ndi abilimankhwe a Jack Mapanje. Iwo anali ndi chifukwa chobisalira kuseri kwa zifanizo, pakuti Mikuyu inali pafupi, ndipo Mapanje anakaloŵamodi mu 1987. Chonsecho anabisala m'zinthu za kwawo. Ife amene palibe akutisaka, tikubisaliranji m'kimono?

Mfundo yachiŵiri sainena mokweza, koma ndiyo yalamula. Akuti bukuli likadzafika m'manja mwa Ajapani adzakondwa kudziona. Kumeneku n'kupita ku Nchalo utanyamula nzimbe ya mphatso. Anthuŵa ali ndi ndakatulo za sakura za zaka zoposa 1,000, zolembedwa ndi amene anagona pansi pa mitengoyo. Yathu yachinyengoyi adzaiŵerenga mwaulemu n'kuitseka. Achinyamata a ku Japan akhala akubwera kudzagwira ntchito m'sukulu ndi m'zipatala za dziko lino kuyambira 1971, ndipo ambiri amabwerera kwawo akuyankhula Chicheŵa ndi Chitumbuka. Nzeru ija ya mudzi umodzi, malonda amodzi, imene inayamba ku Oita mu 1979 n'kufika kuno mu 2003, inkanena kuti mudzi uli wonse utulutse chimene uli nacho. A uchi anabweretsa uchi, a malambe anabweretsa malambe. Palibe amene anauzidwa kuti akabzale tiyi wa ku Japan.

Popeza bukuli ndi lotengera Ajapani, titengere ndi kasankhidwe kawo komwe. Magulu a haiku kumeneko amachita msonkhano wotchedwa kukai. Aliyense amalemba ndakatulo yake pa kapepala kopanda dzina. Timapepalato amatisakaniza, n'kugaŵira anthu kuti azikopere pa mapepala ena, kuti ngakhale kalembedwe ka dzanja kasadziŵike. Mapepalawo amazungulira, aliyense n'kusankha zimene zamugwira mtima, osasankha yake. Kenaka mmodzi amaŵerenga mokweza zosankhidwazo, ndipo ndi pamenepo pokha pamene mwini wake amatchula dzina lake. Mphunzitsi ndi wongoyamba kumene amaloŵa m'lichero limodzi. Yerekezani ndi mmene zachitikira kuno: anthu anayi, chitseko chotseka, maina ali pamwamba pa mapepala, ndipo aŵiri mwa anayiwo zawo zaloŵa. Sindikunena kuti anabera. Ndikunena kuti nkovuta kukhwatcha ndakatulo ya munthu amene maŵa akuchonga mayeso ako, ndipo nkwapafupi kukhwatcha ya mwana wa chaka choyamba amene dzina lake likumveka la Chisena.

Choncho ndikupempha a Wapampando, ndi aphunzitsi athu amene mumakhala nafe m'gululi, kuti mndandanda uja utsitsidwe pabolodi. Zonse zimene zinaperekedwa zibwere pamsonkhano wa Lachinayi likudzali, zakugwa ndi zopambana zomwe, maina atadulidwa ndi lumo. Zikoperedwe monga zinalembedwera, liu la Chisena, la Chilomwe kapena la Chitumbuka lisakhudzidwe. Pamene pakufunika, mwini wake adzaike tanthauzo m'munsi mwa tsamba. Zikasankhidwa tizisanje motsata nyengo, kuyambira pa chizimalupsa. Mapepala okoperapo ndibweretsa ndine, ndipo mnyamata wa ku Tengani uja ndikamutenga ndekha kuhositelo.